Mukafuna kulemba mbiri ya shehe amene analowa ndale

Amalume anga anali shehe kwathu kwa Tambala ku Dedza, ndipo matipate atabwera ankakwera nsanja pamisonkhano atavala mkanjo wawo womwewo wa Lachisanu. Atamwalira ndinayenda miyezi ingapo kutolera mbiri yawo. Ngati inunso muli ndi shehe wotere kwanu, chitani chonchi.

Musayambire ku chipani. Yambani mwafunsa kuti anaphunzira kwa yani, nanga mwalimu wakeyo anaphunzira kwa yani. Mukautsata mzerewu umakufikitsani kunyanja, ndipo musadabwe kumva mayina a Shehe Abdallah Mkwanda ndi Shehe Thabit Ngaunje, aphunzitsi akale otchuka a Chisilamu. Funsaninso ngati anali wa Kadiriya, ochita sikiri pamaliro aja, kapena wa Sukuti, okana sikiriyo pamaliro. Ena amene ndinkayesa kuti anadana ndi amalume chifukwa cha chipani, kunapezeka kuti mkangano unayambira kumanda kalekale.

Akuluakulu sasunga zaka. Mukati "chinali chaka chanji?" angoti "kale ndithu". M'malo mwake akumbutseni zochitika. Kodi inali isanachitike riferendamu ya pa 14 June 1993, ija ya nyali ndi tambala wakuda? Kodi a Bakili Muluzi, pulezidenti woyamba wachisilamu, anali atapambana kale mu May 1994? Njala ya 2002 nayo ndi chikhomo chabwino, palibe anaiiwala.

Pitani ikatha swala ya Asiri, dzuwa litapendeka. M'mwezi wa Ramadani musavutitse munthu ali ndi ludzu. Tengani kapaketi ka shuga, perekani salamu, khalani pansi. Ine ndinapupuluma tsiku lina, kutsegula foni kuti ijambule mawu ndisanapemphe. Agogo aja anangoyang'ana foniyo n'kuyamba kukamba za mtengo wa feteleza mpaka ndinatsanzika.

Kukhitchini musakulambalale. Azakhali ndiwo anandiuza kuti anthu andale ankabwera usiku, galimoto n'kuisiya patali, komanso zimene amalume anakana kulandira.

Pemphani sutikesi ya mapepala. Ya amalume munali makhadi a chipani, makalata ndi kope la madontho a mafuta a nyali. Zilembo zake zinali zachiarabu koma mawu ake Chiyao, ndiye ndinajambula tsamba lililonse n'kupita nalo kwa mwalimu wa pamadrasa kuti andiwerengere. Kopelo ndinalibweza tsiku lomwelo.

Chovuta kwambiri ndi kukakumana ndi amene anasiya kuswali kumbuyo kwa sheheyo. Achibale akuletsani, koma pitani. Bambo wina amene zaka zambiri ankapalasa njinga kukaswali kumzikiti wina anandiuza kuti ulaliki wa Lachisanu unayamba kumveka ngati msonkhano wa kampeni. Ndinafunsa ngati ndingalembe zimenezo.

"Lembani, mwanangu," anatero. "Koma mulembenso kuti maliro a mkazi wanga anadzaswalitsa ndi iwowo, mvula ikugwa."