Komiti Yoteteza Mitengo M'tauni Iyambire Pati?

Malo obiriwira m'mizinda yathu satha tsiku limodzi. Lero wina waumba njerwa pakona pa bwalo, mawa pabwera kontena ya golosale, chaka chisanathe pazungulira mpanda. N'chifukwa chake komiti yolangiza khonsolo pa za mitengo, kaya ndi ya pawodi kapena ya mzinda wonse, iyenera kuyamba yagwira zomwe zilipo kale isanaganize zobzala.

Yambani ndi kaundula. Yendani wodi yonse pamodzi ndi khansala, mabulokolida ndi mlangizi wa zankhalango, mukulemba mabwalo, manda, m'mbali mwa misewu ndi magombe a mitsinje monga Lingadzi ku Lilongwe kapena Mudi ku Blantyre. Mtengo uliwonse waukulu mulembe dzina lake, pomwe uli, ndi kunenepa kwa thunthu poyeza ndi tepi pa mamita 1.3 kuchokera pansi. Ujambuleni ndi foni.

Mukatero, pitani ku ofesi yoona za mapulani kukhonsolo mukaone ngati malowo ali pamapu ngati malo osamangapo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Bwalo limene silili pamapu, ngakhale ana akhala akusewerapo mpira kwa zaka 30, likhoza kudulidwa mapuloti inu n'kusowa pogwira. Pemphani kuti lilembedwe, aikemo mabikoni ndi chikwangwani. Kumbukiraninso kuti komiti yanu ndi yolangiza chabe: siilipiritsa chindapusa, siigwetsa mpanda. Mphamvu yake ili m'makalata. Dandaulo lililonse lilembedwe, likhale ndi tsiku ndi zithunzi, ndipo kope yanu idindidwe chidindo. Zongonena pakamwa pamsonkhano zimathera pomwepo.

Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma musadikire kumapeto. Mbande yobzalidwa mu Malichi siikhala itazika mizu mvula ikamasiya. Yesetsani kumaliza Januwale asanathe.

Mtengo uyenerane ndi malo. M'mphepete mwa mtsinje ikani katope, mbawa, mkuyu ndi nsungwi, ndipo pagombe logumuka onjezani mizere ya vetiva. Bulugamu asayandikire madzi chifukwa amamwa kwambiri. Mkuyu ndi malaina zikhale kutali ndi nyumba, ngalande ndi mapaipi, poti mizu yake imang'amba simenti. Pansi pa mawaya a ESCOM musabzale mtengo wotalika. Udzadulidwa mutu ndithu. Mitengo yamthunzi yamumsewu italikirane mamita 8 mpaka 10.

Dothi la m'tauni ndi logogomezeka, lodzaza zidutswa za njerwa ndi mapulasitiki, choncho dzenje likhale masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake. Sakanizani dothi lapamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino. Osawola amaitana chiswe. Chotsani chubu, ndipo musakwirire tsinde kupitirira pomwe dothi la m'chubu linalekeza. Tchingirani ndi nsungwi kapena njerwa zosanja motalikirana, chifukwa mbuzi ndi anthu odutsa amawononga mbande kuposa matenda.

Mitengo yambiri imafa pakati pa Ogasiti ndi Novembala, mwambo wobzala utaiwalika kale. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wolembedwa m'kaundula, kaya sukulu, mpingo, kapena wogulitsa pafupi amene adzapindule ndi mthunzi. Azithirira ndowa ya malita 20 kawiri pasabata m'chilimwe choyamba, ndi kulambula udzu mita imodzi kuzungulira kuopa moto. Muwerenge yamoyo mu Novembala, ndipo lipoti lopita kukhonsolo linene yomwe yapulumuka, osati yomwe inabzalidwa.

M'mapiri ngati Soche, pomwe matope ndi miyala zinakokolola nyumba nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, nthawi zambiri zitsa zimakhala zikadali zamoyo. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa chilichonse, zinazo mudulire. Zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale, ndipo sizifuna kuthirira.