Mmene Mungagwiritsire Ntchito Mkaka M'malo mwa Kirimu Pophika

Chimene chimasiyanitsa mkaka ndi kirimu ndi mafuta. Mkaka wosachotsa mafuta uli ndi mafuta pafupifupi 3.5 peresenti, pomwe kirimu wolimba amafika 36 peresenti. Choncho mukangothira mkaka pamene pamafunika kirimu, msuzi umatuluka wamadzimadzi ndipo keke imauma. Ntchito yanu ndi kubwezeramo chimene chasowacho.

Njira yodalirika ndi batala, chifukwa ali ndi mafuta pafupifupi 80 peresenti. Kuti mupeze kapu imodzi, sungunulani batala wokwana kota ya kapu, magalamu 55, mumusiye azizireko pang'ono, kenako muthiremo mkaka mamililita 180 pang'onopang'ono uku mukutakasa mwamphamvu. Mkakawo usakhale wochokera mufiriji, apo ayi batala amaundananso n'kuchita timibulu. Zosakanizazi zimachita bwino mu supu, mu msuzi ndi m'zophika mu uvuni. Koma musayembekezere kuti mukazipuntha zidzafufuma n'kuima ngati kirimu wopaka pamwamba pa keke. Zimenezo zimafuna kirimu weniweni wa mafuta osachepera 30 peresenti, ndipo palibe chidule.

Vuto lalikulu ndi kuduka kwa mkaka. Mu kirimu, mafuta amatchinga mapuloteni kuti asagwirane. Mkaka ulibe chitetezo chotere, ndiye ukakumana ndi moto wambiri kapena zowawasa monga tomato, mandimu ndi viniga, mapuloteni amaundana, madzi n'kupatukana nawo. Ufa ndi umene umathandiza. Sakanizani supuni yaikulu imodzi ya cornflour, ufa wosalala wa sitachi ya chimanga, ndi mkaka pang'ono wozizira mpaka mibulu ithe, kenako muonjezere mkaka wotsala wa kapuyo. Ufa mukauthira wouma mumphika wotentha, mibulu yake siidzasungunukanso. Ngati ndi ufa wa tirigu, yambani mwaukazinga mu batala wofanana nawo muyeso kwa mphindi ziwiri kuti fungo la ufa wosapsa lichoke. Masupuni aakulu awiri a ufa ndi awiri a batala amakwanira kapu imodzi ya mkaka.

Mu supu ya tomato, tapani supu yotentha pang'ono muthire mumkaka kuti uyambe wafunda, ndiyeno mubwezere zonse mumphika, moto mutachepetsa. Isabwatenso. Madzi a mandimu athireni mutaphula kale.

Mkaka wam'chitini wa evaporated, umene anauchotsa madzi pafupifupi 60 peresenti, umalowa m'malo mwa kirimu muyeso womwewo ndipo suduka msanga. Onetsetsani pachitini, chifukwa wa condensed uli ndi shuga wambiri ndipo ungawononge msuzi wa nyama.

Malangizo akafuna buttermilk, womwe ndi mkaka wowawasa, thirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga m'kapu, dzazitsani ndi mkaka, dikirani mphindi 10. Apa kudukako n'kofunika, chifukwa kuwawasa kwake ndi kumene kumachititsa soda kufufumitsa keke.