Momwe mungayesere malangizo a chida chofupikitsa mavidiyo musanachilumikize ku AI agent

Munthu akapeza malangizo osamveka amafunsa mnzake kapena kulembera kampani. AI agent, pulogalamu ya AI yomwe imagwira ntchito payokha pogwiritsa ntchito zida zina, sifunsa. Imatsata zomwe zalembedwa, ndipo pomwe olemba sananenepo kanthu imangoganizira. Choncho musanaipatse chida choti izilembera chidule cha mavidiyo a misonkhano, maulaliki kapena makalasi, khalani pansi muwerenge kaye malangizo (documentation) a chidacho motere.

1. Fufuzani ngati chidacho chimaonera vidiyo kapena chimangomvetsera

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Zida zina zimangotenga ma subtitle a pa YouTube n'kuwafupikitsa. Zina zimasandutsa mawu olankhulidwa kukhala zolemba, monga imachitira Whisper yomwe OpenAI inatulutsa mu 2022. Zina zimayang'ananso zithunzi. Kusiyanaku n'kofunika kwambiri: mphunzitsi akaloza pa bolodi n'kunena kuti "yankho ndi ili", chida chongomvetsera sichidziwa yankholo.

Malangizo abwino amanena poyera. A Gemini API (khomo lomwe mapulogalamu amalumikizira ku AI ya Google), mwachitsanzo, amafotokoza kuti chidacho chimatenga chithunzi chimodzi pa sekondi iliyonse ngati simunasinthe makonzedwe. Mukawerenga zimenezo mumadziwiratu kuti vidiyo ya mpira, pomwe zinthu zimachitika mothamanga, ikhoza kuphonya zambiri. Tsamba longodzitama kuti chida "chimamvetsa vidiyo iliyonse" osafotokoza njira yake, ine ndimalichotsera malikisi pomwepo.

2. Sakani malire ndi mtengo, muwerengetse nokha

Kukula kwa fayilo, kutalika kwa vidiyo, mitundu yololedwa ngati MP4 kapena MOV, komanso kuchuluka kwa mapempho pa mphindi, zonsezi zilembedwe ndi manambala. Whisper API imalandira fayilo yosapitirira 25 MB, ndiye kuti agent yanu iyenera kuduladula fayilo yaikulu ndi ffmpeg, pulogalamu yodulira mavidiyo ndi mawu, isanaitumize. Pa Gemini sekondi imodzi ya vidiyo imadya ma token (timagawo tomwe amawerengera mtengo) pafupifupi 300, kotero ola limodzi limadutsa miliyoni. Poti zambiri mwa zidazi zimalipiridwa m'madola, masamu amenewa achitike bilu isanabwere.

3. Onani maonekedwe a yankho

Agent imafuna yankho lokhazikika, nthawi zambiri la JSON, kalembedwe komwe mapulogalamu amawerenga mosavuta. Pakhale chitsanzo chathunthu, ndi tanthauzo la gawo lililonse. Nthawi imalembedwa m'masekondi kapena ngati 12:45? Popanda ma timestamp, osonyeza nthawi ya m'vidiyo, simungabwerere ku vidiyo kukatsimikiza ngati chidulecho chikunena zoona. Ngati pali fayilo ya OpenAPI, yofotokozera mapulogalamu momwe chida chimagwirira ntchito, kapena seva ya MCP, njira yolumikizira agent ku zida yomwe kampani ya Anthropic inakhazikitsa mu November 2024, werengani mawu ofotokoza chida chilichonse, chifukwa agent imasankha chochita potengera mawu amenewo. Mzere umodzi woti "limafupikitsa vidiyo" sukwanira.

4. Werengani gawo la zolakwika modekha

Kwa ine gawo limeneli ndi lomwe limaulula ngati olemba anagwiradi ntchito. Vidiyo yaitali siyitha nthawi yomweyo, ndiye malangizo anene ngati agent izifunsa mobwerezabwereza kapena idikire webhook, uthenga womwe chida chimatumiza chikamaliza, komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Anene chochita ikalandira nambala ya vuto 429, yotanthauza kuti mapempho achuluka, kapena 413, yoti fayilo yakula. Nanga netiweki ikaduka pakati pa kutumiza, kodi imapitiriza pomwe inalekera kapena iyambirenso? Amene amagula bandulo akudziwa kulemera kwa funsoli. Choopsa kwambiri ndi chida chomwe chimabweza chidule chooneka bwino ngakhale sichinamve kanthu. Agent imalandira bodzalo n'kulipititsa patsogolo.

5. Tsegulani mndandanda wa zilankhulo

Musakhutire ndi mawu oti "zilankhulo zambiri". Pa mndandanda wa Whisper pali Chiswahili ndi Chishona, koma Chichewa, chomwe chizindikiro chake ndi ny, palibe. Onaninso ngati akunenapo za olankhula osakaniza Chichewa ndi Chingerezi, monga timachitira m'misonkhano yambiri.

6. Dziwani komwe vidiyo imapita

Imasungidwa masiku angati, imafufutidwa bwanji, ndipo kodi eni chida amaphunzitsira makina awo a AI? Ngati m'vidiyomo muli nkhope ndi mawu a anthu, lamulo la ku Malawi loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2024, likukukhudzani.

7. Yesani ndi agent yeniyeniyo

Ipatseni malangizowo okha, osaonjezera ndemanga zanu, ndi mavidiyo atatu: waufupi womveka bwino, wautali wodutsa malire, ndi wina wopanda mawu. Lembani paliponse pomwe yaima, yapeka dzina la parameter (gawo la pempho lomwe imadzaza), kapena yabwereza pempho mosalekeza. Kenako yang'anani tsiku lomwe changelog, mndandanda wa zomwe zasinthidwa pa chida, inasinthidwa komaliza. Ngati chitsanzo cha pa tsamba loyamba chikukana kuyenda mutachikopera momwe chilili, pitani mukayese chida china.