Mmene ndinathandizira azakhali kuti boma liziwalipirira Medicare Part B

Azakhali anga, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku America asanapume, ankadandaula kuti ndalama zawo za Social Security, penshoni ya boma la America, sizikukwanira. Nditawerenga kalata yawo yochokera ku Social Security, ndinaona kuti mu 2025 ankadulidwa madola 185 pamwezi olipirira Medicare Part B, gawo la inshulansi ya zaumoyo ya boma ya okalamba ndi olumala lokhudza kuonana ndi dokotala, ndipo kwa munthu wongodalira penshoni ndalama zimenezi n'zambiri ndithu.

Chimene chinatithandiza ndi Medicare Savings Programs, thandizo la okalamba ndi olumala opeza zochepa, limene limapemphedwa ku ofesi ya Medicaid (thandizo la boma la zaumoyo kwa anthu opeza zochepa) ya m'chigawo chimene munthu akukhala, osati ku Medicare. Azakhali ankaopa kuti akanidwa chifukwa ali ndi nyumba, komatu nyumba imene munthu amakhalamo ndi galimoto imodzi siziwerengedwa pa chuma chake. Tinatumiza fomu pamodzi ndi kalata ya Social Security ndiponso masitetimenti a kubanki.

Thandizoli lili ndi magulu angapo, ndipo azakhali anaikidwa m'gulu lotchedwa SLMB, limene limalipira ndalama za pamwezi za Part B zokha. Gulu lina lotchedwa QMB likanalipiranso zotsala pa mabilu a kuchipatala, koma ndi la anthu opeza zochepa kuposa iwo. Atavomerezedwa, analowetsedwanso mu Extra Help, yochepetsa mtengo wa mankhwala, popanda kulemba fomu ina.