Kuthandiza Achikulire Kusamalira Shuga ndi BP pa Foni Nthawi ya Mliri

Bungwe la World Health Organization litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse lapansi, zinaonekeratu kuti achikulire odwala shuga, kuthamanga kwa magazi (BP) kapena matenda a mtima ndiwo ankadwala kwambiri akatenga kachilomboka. Nthawi ngati imeneyi ulendo uliwonse wokakhala pamzere kuchipatala umakhala ndi chiopsezo, ndipo pulogalamu ya pafoni ingachepetse maulendowo ngati yakonzedwa moganizira mwini wake.

Yambani ndi pulogalamu imodzi yokha, malinga ndi vuto lalikulu la wodwalayo. Ngati amaiwala mankhwala, pali mapulogalamu okumbutsa monga Medisafe. Ngati vuto ndi kusunga zotsatira za shuga, pali ena monga mySugr. Lowetsani dzina la mankhwala, mlingo ndi nthawi yomwera mukuwerenga pa botolo kapena pa chikalata cha dokotala, osati kuchokera pamtima. Mukatero kulitsani zilembo, kwezani kulira kwa alamu, ndipo chizindikiro cha pulogalamuyo chikhale poyamba penipeni pa sikirini. Kenaka perekani foniyo kwa mwini wake kuti adine yekha inu mukungoyang'ana, pakuti chimene wachita ndi chala chake sachiiwala msanga.

Chofunika koposa ndi manambala amene akulowa mufoni. Mapulogalamu amene amati amayeza BP munthu akangoika chala pa kamera musawadalire. Pamafunika makina enieni omanga pamkono. Wodwala akhale pampando mphindi 5 asanayeze, msana atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pamlingo wa mtima, ndipo asakhale atamwa khofi kapena kusuta m'mphindi 30 zapitazo. Alembe nambala zonse ziwiri za BP, yapamwamba ndi yapansi, nthawi yomweyo, ngakhale zikhale zosasangalatsa. Achikulire ena amabwereza kuyeza mpaka apeze nambala yabwino kuti ana awo asade nkhawa, koma kutero n'kusocheretsa dokotala.

Gwirizanani ndi dokotala kapena namwino za njira yotumizira zotsatira, kaya ndi chithunzi cha sikirini pa WhatsApp kapena kuwerenga manambalawo poimba foni, ndiponso mufunse malire oyenera wodwalayo. Kawirikawiri BP yopitirira 140/90 kangapo imafuna kuti dokotala adziwe. Shuga akatsika kufika pansi pa 70 mg/dL, kapena kuti 3.9 mmol/L, wodwala amwe chakumwa chotsekemera mwamsanga. Mlingo wa mankhwala usasinthidwe chifukwa cha zimene pulogalamu yaonetsa.

BP ikafika 180/120 pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kulankhula bwino, musataye nthawi ndi foni: wodwalayo apite kuchipatala pomwepo, atavala chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ngakhale mliri uli pachimake.