Mmene mungawerengere H1N1 ndi H275Y kuti mumvetse chifukwa chake Tamiflu pena sagwira

Mukaona dzina ngati H1N1 kapena H3N2 musamangodumpha ngati nambala ya galimoto, zilembo ziwirizo ndi mapuloteni awiri omwe ali kunja kwa kachilombo ka fuluwenza ndipo nkhani yonse ya Tamiflu, mankhwala a fuluwenza, yagona pamenepo. Yambani ndi H. Dzina lake lonse ndi hemagglutinin, ntchito yake ndi kumata basi, amagwira pa kashuga kena kotchedwa sialic acid kamene kali pamwamba pa maselo a m'mphuno ndi pakhosi, akagwira ndiye kuti kachilombo kalowa. N ndi neuraminidase, ameneyu ndi lumo. Tizilombo tatsopano tikamatuluka mu selo timakodwa pa kashuga komweko ngati mbalame pa ulimbo, nde N amadula kuti timasuke tikagwire maselo ena.

Apa ndiye muike sikelo m'mutu. H akamata kwambiri lumo lili lobuntha, tizilombo timangounjikana pamodzi osapita kulikonse. Lumo likathwa mopitirira limadula pogwira kachilombo kasanalowe n'komwe. Awiriwa amayenera kulingana mphamvu, wina akasintha mnzake amakakamizika kusinthanso.

Tsopano oseltamivir, amene ambiri timangoti Tamiflu, amakalowa m'kadzenje ka N komwe amadulira n'kutseka. Sapha kachilombo ayi, amangokatsekera kuti kasafalikire, n'chifukwa chake madokotala amalimbikira zoti muyambe kumwa pasanathe maola 48 chiyambire kudwala, mukachedwa tizilombo tabalalika kale m'njira yonse yopumira.

Kenako mudzakumana ndi H275Y ndipo apa ambiri amasokonezeka, H ameneyu si hemagglutinin uja ayi. Werengani chonchi: pa malo a nambala 275 mu puloteni ya N panali kachidutswa komangira puloteni kotchedwa histidine (ndiye H ameneyu), tsopano pakhala kena kotchedwa tyrosine kamene chilembo chake ndi Y. Mukaona ena alemba H274Y musadabwe, ndi chinthu chomwecho kungoti awerenga mosiyana. Tyrosine ndi wamkulupo nde amasintha kadzenje kaja moti oseltamivir sakhalamo bwino, koma zanamivir, mankhwala ena a fuluwenza ochita kupumira, amakwanabe.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Akatswiri ankaganiza kuti kachilombo kokhala ndi H275Y ndi kolumala, lumo lake lafooka sikangayende patali. Koma mu nyengo ya 2007 mpaka 2008 kanatulukira ku Norway komwe anthu sankamwa n'komwe Tamiflu kwambiri, ndipo pofika 2009 pafupifupi H1N1 yense wa chaka ndi chaka padziko lonse anali wosamva mankhwalawa. Zinatheka bwanji? Kusintha kwina kung'onokung'ono, R222Q ndi V234M, kunabwera kale mu N yemweyo n'kuchulukitsa malumo pamwamba pa kachilombo, ndiye H275Y atafika sikelo sinapendekeke. Mwayi wake H1N1 watsopano wa mliri wa 2009 anakankha wakaleyo ndipo watsopanoyu mochuluka amamvabe Tamiflu.

Pali njira inanso yachinyengo, kachilombo osasintha N n'komwe koma kusintha H n'kuchepetsa kumata, ulimbo ukachepa lumo silifunika kwambiri nde ngakhale mwalitseka tizilombo timasomphokabe. Izi zimaoneka kwambiri mu labu. Ndiye mukamawerenga lipoti loti N sanasinthe musafulumire kunena kuti zonse zili bwino, funsaninso za H.

Kwa wodwala zochita n'zochepa. Munthu wamkulu nthawi zambiri amapatsidwa 75 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 5, malizani onse ngakhale kutentha thupi kutsike tsiku lachitatu, osasungako ena kuti adzathandize mtsogolo. Amene chitetezo chawo cha m'thupi n'chotsika ndi amene kachilombo kamakhalitsa mwa iwo n'kupeza mpata wosintha, choncho ngati masiku akupita osaona kusintha bwererani kwa dokotala, akhoza kusinthira ku zanamivir kapena baloxavir amene anabwera mu 2018 ndipo iye amagwira puloteni ina ya mkati osati N. Amantadine, mankhwala akale a fuluwenza, muiwaleni, fuluwenza amene akuzungulira pano anasiya kalekale kumumva, ndipo ma antibayotiki alibe chochita ndi H kapena N olo pang'ono.