Mafoda asowa mu Thunderbird, mungawabweze bwanji?

Achemwali ena a ku Chinamwali kuno ku Zomba afunsa kuti magetsi atathima mwadzidzidzi, poyatsanso kompyuta anapeza mafoda ena mu Thunderbird, pulogalamu yowerengera imelo, kulibe. Mtima m'malo achemwali, kawirikawiri makalatawo amakhala alipo, angobisika.

Yambani ndi kulowa mu imelo yanu pa intaneti, ngakhale pafoni. Ngati mafodawo akuoneka kumeneko, ndiye kuti ali pa seva, kompyuta ya kampani imene imakusungirani imelo. Bwererani mu Thunderbird, dinani dzina la akaunti ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Subscribe, kenako Refresh, n'kuchonga mafoda onse amene mukuwafuna. Izi zimatheka pa akaunti ya IMAP yokha, mtundu wa akaunti umene makalata amakhala pa seva. Muonenso pa View, Folders ngati pasankhidwa All. Ena amasiya pa Unread osadziwa, mafoda ena n'kuzimiririka.

Foda ikakhalapo koma mkati muli mbee, idineni kumanja, Properties, Repair Folder. Pamenepo pulogalamu imapanganso fayilo ya .msf, kalozera chabe amene sachedwa kuwonongeka kompyuta ikazima mwadzidzidzi.

Pa akaunti ya mtundu wina, wa POP, m'pofunika kusamala, chifukwa makalata amasungidwa pa kompyuta yanuyo. Pitani pa Help, Troubleshooting Information, Open Folder. Tsekani Thunderbird, ndipo musanakhudze kalikonse koperani foda yonse imene yatsegukayo pa fulashi. Mu foda ya Mail, mafayilo a mayina ngati Inbox, opanda .msf kumapeto, ndiwo makalata enieniwo, asiyeni. Fufutani a .msf okha, n'kutsegulanso pulogalamu.

Compact yokha, njira yochepetsera kukula kwa mafoda, musaiyerekeze mpaka zonse zitabwerera, chifukwa imachotseratu makalata amene anafufutidwa.